Wa ku Joni Wamanga Mdindo

Maganizo opita ku Joni anandipeza ndili padenga. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ine ndikufolera kanyumba kamene amayi ankaumbiramo mbiya kwathu ku Thambani. Chimwalirireni abambo ntchito imeneyi inali yanga chaka ndi chaka: kumweta udzu mu Juni, kuusenza, kuusanjika pathandala kuopa chiswe ndi mbuzi, kenako kukwera. Tsiku limenelo nditaimirira kuti ndiwongole msana, maso anagwera kutsidya kwa khwawa, panyumba ya a Kandulu. Mwana wawo, amene ndinkamuposa masamu kupulayimale, anali atakhala ku Joni zaka ziwiri zokha, koma malata anali waliwali, ochita kuthobwa m'maso.

"Amayi," ndinaitana, "udzu uno ndi womaliza. Ndikupita ku Joni. Ndikadzabwera mudzakhala mukuumbira m'nyumba ya malata."

Amayi anali pansi, akusalaza mtsuko ndi nkhulungo, kamwala kawo kosalala kamene sankalola munthu kukagwira. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Tsika bwino," anatero, "ungaponde mbiya zanga."

Kanyumbako anamanga ndi abambo, ka mdindo. Mdindo sulira zambiri. Umamanga matabwa awiri ngati chikombole chachitali, kuthiramo dothi lachinyezi, kulisinja ndi chipika mpaka litalimba, kenako kusuntha matabwawo n'kupita patsogolo. Ndinaphunzira ndili mwana, ndikuwatungira abambo madzi. Kanali kakafupi, kamdima, denga lotsika moti polowa unkachita kuwerama. Ine ndinkadana nako. Kwathu munthu akati "aja a mdindo aja" sakhala akukuyamikira.

Ndinagulitsa njinga ndi mbuzi zanga, n'kukonza pasipoti. Ndinakula ndikuona mabasi a ku Joni ataima pamalire pa Mwanza, anthu akusintha ndalama ndi kugula manachesi pawindo. Ulendo uno ndinali mkati. Mchemwali wanga Esinati anandiperekeza mpaka pachipata, akulira. Amayi sanabwere. Anali ndi mbiya zoti aotche tsiku lomwelo.

Za zaka ziwiri zoyamba palibe chambiri choti ndinene. Ndinasenza njerwa, ndinatsuka magalimoto, ndinatchetcha kapinga. Tinkagona anthu asanu m'chipinda chimodzi, tonse Amalawi, aliyense kutsamira chikwama chake. Kukamveka kuti kwinakwake akupitikitsa alendo, tinkakhala m'nyumba osayankha foni mokweza. Kenako ndinapeza ntchito yosamalira maluwa kwa mayi wina wachizungu, ndipo anandipatsa kachipinda kuseri kwa galaja. Kumeneko ndinali ndi bedi langa ndi madzi otentha, koma kusungulumwa kwake ndiye kunali kwina. Sabata inkatha osalankhula Chichewa ndi munthu. Ndinkalankhula ndi agalu awiri a adonawo, moti pofika chaka chachiwiri pantchitoyo ankamva "choka" ndi "bwera kuno" kuposa Chingerezi cha mbuye wawo.

Ndalama ndinkatumiza kwa Esinati, pena pafoni, pena kudzera mwa madalaivala a mabasi. Sindinkamwa, sindinkatchova juga, nsapato ndinkasoketsa. Zitakwanira ndinalamula pafoni ngati bwanamkubwa.

"Mugumule mdindowo, mumange pomwepo. Njerwa zootcha, pansi simenti, mawindo awiri aakulu agalasi. Malata akhale owala, aziwaona ali kutsidya."

"Amayi akuti mwina timange pambali," anatero Esinati.

"Pomwepo," ndinatero. "Sindikufuna kudzakapeza kanyumba kameneko."

Anachita zimene ndinanena. Nkhuni zootchera njerwa zitachepa, anagwetsa mtengo wa mango umene unali kuseri kwa kanyumbako, ine n'kuvomereza. Esinati ankanditumizira zithunzi, kuyambira maziko mpaka denga. Chomaliza ndinachiika pagalasi la foni kuti ndizichiona ndikamadzuka. Ndinapempha kuti ndilankhule ndi amayi.

"Nyumba ndi yokongola, Lakisoni," anatero. "Anthu akubwera kudzaona."

Lero ndikamakumbukira mawu amenewa ndimaona kuti sananame. Anangosankha choti anene.

Adona anga nawonso anali woumba. Ankaumba pagudumu lozungulira ndi magetsi, makapu ndi mbale zimene anthu ankagula kukaika pashelefu osadyeramo. Ankagwirira ntchito m'galaja, ndipo nthawi ndi nthawi ndinkawamva akutukwana chinthu chikang'aluka. M'chaka changa chachinayi anaitana mtsikana wojambula mapulani a nyumba. Anayala mapepala patebulo la m'munda, ine ndikudulira maluwa chapafupi, makutu ali konko. Adona ankafuna nyumba youmbiramo yosawononga chilengedwe. Njerwa zootcha ayi, simenti pang'ono chabe, dothi likumbidwe pabwalo pomwepo, denga likhale la udzu, madzi a mvula azisungidwa m'thanki, mawindo ayang'ane kummwera kumene dzuwa silifika. Anakambirana masabata angapo, akusuntha zikhomo pakapinga kuti mtengo ndi umodzi womwe usadulidwe.

Tsiku loyamba kumanga kunabwera galimoto ya matabwa. Anyamata anaimika matabwawo awiriawiri, n'kuthiramo dothi, n'kuyamba kusinja. Ndinasiya sizasi. Mdindo! Ndadutsa malire atatu kuthawa mdindo, n'kudzaupeza kwa azungu, wojambulidwa papepala ndi munthu wa ku yunivesite. Ndinakasekera kuseri kwa thanki mpaka misozi.

Khoma loyamba linang'aluka lisanathe sabata. Ndinadziwa kuti ling'aluka, chifukwa dothi ankalithira madzi ngati akuponda matope a njerwa. Si malo a wosamalira maluwa kulangiza amisiri, koma nditaona akukonzeka kubwereza zomwezo, pakamwa panandiyabwa. Ndinatapa dothi, n'kulifumbata, n'kuliponya pansi kuchokera m'chiuno. Linangoti phwata, osasweka.

"Lanyowa kwambiri," ndinawauza. "Likhale loti ukaliponya lisweke zidutswa zingapo. Likamwazika ngati ufa ndiye kuti lauma. Komanso mukuthira lambiri nthawi imodzi, pansi pake sipakulimba."

Adona anandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Unaziphunzira kuti zimenezi?"

"Kwathu ndi nyumba za amphawi, adona."

Kuyambira tsiku limenelo maluwa anathirira wina. Makoma onse anayi anadutsa m'manja mwanga, ndipo denga ndinathandiza kufolera. Nyumbayo itatha, alendo a adona ankabwera kudzasisita makoma ndi kujambulitsa, ine ndikuitanidwa kuti andione. Sindinganame, ndinkamva kukoma.

Masana ena kukutentha tinali mkati tikuika mashelefu. Munali zii, kuzizira bwino. Adona anagwira mbale yaiwisi n'kunena kuti chimene ankafuna n'chimenechi. Anati chinthu choumba chimafuna kuuma pang'onopang'ono, kunja ndi mkati limodzi. Chikapsa ndi kutentha kapena kuombedwa ndi mphepo, kunja kumauma mkati mukadali mwauwisi, ndiye chimang'aluka, pena pomwepo, pena pamoto. Ine, pofuna kudzitamandira, ndinawauza kuti amayi anganso amaumba, ndipo ndinawamangira nyumba yamakono. Ndinawaonetsa chithunzi pafoni. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Masana mumatentha bwanji mmenemu?" anafunsa.

Ndinaimba foni kumudzi tsiku lomwelo. Esinati anati zonse zili bwino, achimwene. Ndinati andipatsire amayi.

"Mbiya zikuyenda bwanji, amayi?"

"Mvula yachedwa chaka chino," anatero. "Ukudya kumeneko?"

Ndinafuna kukhulupirira kuti zili bwino, ndiye ndinakhulupirira. Ndinadziuza kuti dongo la kwathu n'lolimba, silichita matama ngati la azungu. Zaka zina ziwiri zinadutsa. Mbiri ya mdindo wa adona inafalikira kwa anzawo, ndipo ndinamangako ina iwiri, wina wowerengeramo mabuku, wina wongokhalamo.

Chinandibweza kumudzi ndi chithunzi cha mwana. Esinati anatumiza chithunzi cha mwana wake wamkazi atavala yunifolomu yatsopano, ataima mkati mwa nyumba ya malata ija. Mwanayo sindinamuyang'ane kwenikweni. Kumbuyo kwake kunali matumba a chimanga, khasu, wilibala yopanda tayala. Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala, ngodya iyi, ngodya iyo. Munalibe mbiya ndi imodzi yomwe, ndipo unali mwezi wa Juni, nthawi imene amayi ankaumba osapuma. Ndinauza adona kuti ndikupita kwathu. Anafunsa ngati ndidzabwerenso, ndinati sindikudziwa.

Ndinatsika pamalire pa Mwanza m'mawa, mwera ukuomba. Osintha ndalama anandizinga akunditcha "bwana wa ku Joni". Ndinakwera galimoto ya matola mpaka ku Thambani, ndipo malata anga ndinawaona ndikadali patali. Ankawala monga ndinalamulira.

Amayi anali atachepa thupi pang'ono, koma anali amayi omwe aja. Tinapatsana moni pamkeka, anafunsa za ulendo, anafunsa ngati kumeneko kumagwa mvula. Esinati anandibweretsera madzi akumwa. Anawatunga m'ndowa ya pulasitiki, ndipo anali ofunda. Pakhomo pathu, pamene anthu odutsa ankapatuka dala kudzapempha madzi ozizira a mumtsuko wa amayi! Ndinamwa, n'kubweza kapu, n'kudzuka ngati ndikupita kuseri.

Kuseri kwa nyumba ya malata, pafupi ndi chitsa cha mango, panali mulu wa mapale wofika m'mawondo. Udzu unali utamera pakati pake. Ndinatola limodzi. Unali mlomo wa mtsuko, uli ndi timizere titatu timene amayi ankalemba ndi kamtengo pa chilichonse chimene aumba. Mkati mwa nyumbamo sindinakhalitsemo. Inali isanakwane leveni koloko, mu Julayi, koma kutentha kunali kutayamba kale kutsika kudenga, dzuwa litagona pasimenti kuchokera pawindo.

Amayi anandipeza nditaima pakhomo.

"Zimang'aluka," anatero, ngati akunena za mtengo wa mchere. "Ndinafunditsa masamba a nthochi, ndinafunditsa ziguduli zonyowa. Pamwamba malata akuotcha, pansi simenti ikuyamwa. Ndinayesa zaka ziwiri. Chachitatu ndinaleka."

"Bwanji osaumbira kwina?"

"Kuti? Mango munadula. Kukhitchini kuli utsi ndi nkhuku."

"Mukanauza munthu akumangireni kachisakasa pambali apa."

Apa ndiye anandiyang'ana.

"Pambali pa nyumba imene wamanga mwana wanga ali ku Joni? Anthu aziti chiyani? Aziti mwana anakavutikira zachabe, amake omwe akuikana. A Kandulu akanaseka mpaka kugwa."

"Nanga ine osandiuza?"

"Ndikanakuuza kuti chiyani? Unkaimba foni mawu ako ali a munthu wotopa. Chinthu chimodzi chokha chimene unkaseka ukamachitchula ndi nyumbayi."

Ndinachita manyazi, ndipo ndinakwiya, osadziwa kuti ndikwiyire ndani. Esinati anandiuza pambuyo pake kuti amayi anamuletsa ndi mawu amphamvu kuti asanditsine khutu. Anandiuzanso kuti amayi a ku Zobue amene ankabwera kudzapikula mitsuko anabwera kawiri, katatu, kenako anasiya. Ndalama zimene ndinkatumiza zinkakwana kudya, choncho njala panalibe. Kungoti amayi ankadzuka m'mawa, kusesa, n'kukhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka.

Mawa lake ndinanyamula zenga kukamweta udzu moto wolusa usanadutse. Kenako ndinatuta miyala kukhwawa, ndinabwereka matabwa kwa kalipentala wa pamsika, n'kuyamba kukumba dothi pambali penipeni pa nyumba ya malata. Pofika sabata yachiwiri mudzi wonse unadziwa. A Kandulu anaoloka khwawa dala, n'kuima ndi ndodo yawo akuonerera ndikusinja.

"Achimwene, anakupitikitsani eti? Musachite manyazi. Ambiri abwera ndi jumbo yokha."

"Ndabwera ndekha, bambo."

"Ndiye wa ku Joni n'kumamanga mdindo? Aa, izi ndiye sitinazionepo."

Ndinaganiza zowaonetsa zithunzi za mdindo wa adona, ndi azungu akujambulitsa patsogolo pake. Ndinaleka. Akanati ndazitenga pena pake. Mpaka lero kumsika wa Thambani alipo amene amanena motsimikiza kuti ndinabwera pagalimoto ya apolisi, ndipo ndinasiya kutsutsa.

Amayi sanandilimbikitse ngakhale pang'ono. Ankakhala pakhonde akusenda nandolo, n'kumati, "Ukudzivutitsa chabe. Manja anauma kalekale." Ankawatambasula kuti ndione. Zala zinalidi zitayamba kupindika. Ndinkaopa kuti akunena zoona, kuti ndimanga nyumba yachiwiri yosungiramo chimanga. Ndinawafunsa kumene kuli nkhulungo yawo, anati sakukumbukira.

Zina ndinatengera kwa mtsikana wa mapulani uja. Maziko ndinayala miyala kuti chinyezi chisakwere khoma, ndipo mitengo ya denga ndinaitalikitsa kuti mvula izigwera patali. Kumalata kuja ndinamangirira ngalande yogwetsera madzi mumgolo, kuti padzakhale madzi onyowetsera dongo. Malatawo anapeza ntchito pamenepo. Nditafika poika khomo ndi kawindo, ndinayeza mbali ya kummwera, monga tinachitira kwa adona. Ndinamva mbale ya nandolo ikuikidwa pansi.

"Ukufuna kuboola kumeneko?"

"Eya. Dzuwa silifika mbali imeneyi. Ndi mmene tinamangira ku Joni."

"Azungu akowo kwawo kulibe mwera?" Anadzuka n'kubwera, koyamba chiyambireni ntchitoyo. "Mphepo ya Juni imachokera uku. Ikalowa usiku umodzi, milomo yonse ya mitsuko yang'ambika. Abambo ako khomo analiyang'anitsa kumpoto, denga n'kulitsitsa kuti dzuwa lizithera pakhonde. Unkayesa ankakonda kuwerama?"

Ndinasuntha matabwa. Kwa zaka zonse zimene ndinafolera kanyumba kaja, sindinafunsepo chifukwa chake kanali kotero. Amayi anaimabe pomwepo, n'kutapa dothi pamulu, kulifumbata, kuliponya pansi. Linasweka zidutswa zinayi. Kenako anabwerera ku nandolo wawo.

Makoma anauma mu Seputembala. Esinati anazira pansi, ine ndinapanga thandala la nsungwi mkati. M'mawa wina amayi ndi Esinati anasowa pakhomo, n'kubwera dzuwa litakwera, miyendo ili mbuu. Anati anakazonda matenda. Sindinafunse kuti wodwalayo amakhala m'dambo liti.

Ndinapita ku Joni ndikuganiza kuti kwathu kukusowa chinthu chimene ine ndikachipeze. Chinalipo chosowa, sindikukana, ndipo mwana wa Esinati akuphunzira chifukwa cha ulendo umenewo. Koma ndinapeza kuti anthu anga anakhala zaka zitatu akumwa madzi ofunda, akundiuza kuti zonse zili bwino, kuti ine ndisachite manyazi. Zimenezi sindinazizolowerebe.

Kufolera kunagwera mu Okutobala. Tsiku lomaliza ndinali pamwamba penipeni, nditatsala ndi kampata kotseka. Dzuwa linali lomwe lija, malata a a Kandulu akuwala kutsidya, anga akuwala pambali. Ndinamva kugunda pansi panga, phaa, phaa, ngati munthu akumenya chinthu chonyowa. Ndinasuzumira pakampatapo. Amayi anali atakhala pansi, miyendo atatambalala, chitenje atakwinyira m'mawondo. Pambali pawo panali mpira wa dongo lakuda pa chiguduli. Patsogolo pawo, paphale lalikulu lochokera pamulu uja, panali thako la mtsuko, khoma lake litakwera kale ngati chikhatho. Zala zopindika zija zinkayenda pang'onopang'ono, koma zinkayenda. Nkhulungo imene sankakumbukira kumene ili inali m'kambale ka madzi.

Ndinatseka kampatako, n'kumanga luzi lomaliza. Ndinakhala pamenepo kanthawi, chifukwa maso sankaona bwino. Kenako ndinayamba kufufuza makwerero ndi phazi.

"Lakisoni," anaitana amayi kuchokera mkati.

"Wawa."

"Ndaika ziwiri pakhonde zoti ziume pang'ono. Tsika bwino, ungaponde mbiya zanga."